Lamulo la kuchotsa mimba: phunziro lochokera ku Ireland

M'chaka cha 1983 anthu a ku Ireland, dziko lomwe ambiri ndi Akatolika, adaponya voti pa nkhani ya kuchotsa mimba. Awiri mwa anthu atatu aliwonse ovota adavomereza kuti malamulo aakulu a dziko ateteze moyo wa mwana wosabadwa mofanana ndi moyo wa mayi ake. Zidaoneka ngati nkhani yatha. Koma mu 2018, patadutsa zaka 35, awiri mwa atatu aliwonse adavotanso kuti ndime yomweyo ifafanizidwe. Lero mayi kumeneko amaloledwa kuchotsa mimba yosapyola masabata 12.

Kusinthaku kudadza pang'onopang'ono. Mu 1992 khoti lalikulu, poweruza nkhani ya mtsikana wa zaka 14 yemwe adagwiriridwa, lidati mimba itha kuchotsedwa ngati moyo wa mayi uli pachiopsezo. Mu 2012 Savita Halappanavar adamwalira m'chipatala cha ku Galway, madokotala atakana kumuchotsa mimba yomwe inali itayamba kale kupita padera. Imfayi idakwiyitsa ambiri. Mu 2016 boma lidasonkhanitsa nzika wamba 99 kuti zimve mbali zonse, ndipo nzikazo zidalangiza kuti lamulo lisinthe. Pa nthawiyi n'kuti anthu ambiri atataya chikhulupiriro mwa atsogoleri a mpingo chifukwa cha milandu yozunza ana.

Kuno kwathu nkhaniyi ikadalipo. Lamulo lolembedwa limalola kuchotsa mimba pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Mu 2015 bungwe lounika malamulo lidalemba bilu yowonjezera zifukwa zina, monga kugwiriridwa, koma mu 2021 aphungu adakana kuikambirana. Kukana kwa aphungu a lero sikumanga manja aphungu a mawa.

Abale ndi alongo, mu demokalase lamulo limatsata maganizo a ovota, ndipo ovota a mawa ndi ana omwe tikulera lero. Tisagone poganiza kuti Nyumba ya Malamulo itisungira chikhalidwe. Tiphunzitse ana athu kunyumba ndi kumadrasa kupatulika kwa moyo. Aphungu akabwera kudzamva maganizo a anthu, tipite tikalankhule mwaulemu komanso mozindikira. Masheikh athu afotokoze momveka zomwe Chisilamu chikunena pamene moyo wa mayi uli pangozi. Ndipo mtsikana wogwiriridwa timusamale, osati kumubisa. Tikalephera kumuthandiza ife, ena adzagwiritsa ntchito misozi yake posintha lamulo.