Denga la mayi wolera yekha ana

Omvera athu, tisanalowe m'pulogalamu yotsatira, ndiloleni ndikambepo za nyumba ina imene ndimadutsapo m'mawa uliwonse. Mwini wake ndi mayi wa ana atatu, bambo wa anawo anachoka kalekale. Mayiyu amagulitsa mandasi m'mbali mwa msewu, ndipo kandalama kamene amapeza kamathera pa ufa ndi sopo.

Khoma lakuseri, la zidina, lang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi, moti dzanja limalowa. Mapaso anadyedwa ndi chiswe. Malata awiri anangowatsendereza ndi miyala chifukwa misomali inazuka. Mvula ikagwa usiku amadzutsa ana, kupinda mphasa, kutchera mabeseni ndi mapoto, makope a kusukulu n'kuwakulunga m'jumbo, iye n'kukhala tsonga mpaka kucha.

Tonse tikukumbuka Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Khoma likakhuta madzi silichenjeza, limagwa ana ali m'tulo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pamaliro timasonkha msangamsanga, wina ufa, wina nkhuni, wina ndalama ya bokosi. Koma nyumba ikamagwa mwini wake ali moyo timati ndi zake. Chonsecho chofunika apa si chambiri ayi: thumba la simenti, misomali, mapaso angapo, ndi mmisiri wolola kupereka Loweruka limodzi.

Inu a mpingo, a banki m'khonde, mafumu athu, anyamata a m'mudzi, Novembala wayandikira. Mayi wotereyu alipo kwanuko, ndipo mukumudziwa. Pitani mukaone denga lake mvula isanagwe.