Ana a ku Neno sakusowa nzeru za masamu

Pa Zalewa mwana wogulitsa manachesi saphonya chenji. Nanga bwanji akalowa m'kalasi tikumutcha mbuli?

Mutu wake ulibe mlandu. Mu 1994 boma litachotsa fizi kupulayimale, ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanasulidwe. Kutsegula zitseko kunali koyenera. Komatu masamu saphunzitsika ngati msonkhano wachipani. Mwana amene sanamvetse kuchotsera sangamve kugawa, choncho pamafunika wina woona kope lake tsiku ndi tsiku.

Inu a m'tauni mumalipira mphunzitsi wapadera madzulo. Kwa Dambe alipire ndani? Aphungu ndi makhansala a ku Neno, yambani mwamanga nyumba za aphunzitsi kumapiriko, kuti wotumizidwako asamathawire ku Blantyre.