Ubale wa pamzere wa matikiti

Sewero la nyimbo la Rent litayamba kuonetsedwa ku Nederlander Theatre mumzinda wa New York mu 1996, mipando ya mizere iwiri yakutsogolo inkagulitsidwa madola 20 okha, ndipo achinyamata a m'thumba mopepuka ankagona panja kudikira matikiti. Anthu anawatcha ma Rentheads. Nyimbo za Jonathan Larson, mlembi wa seweroli, ndimazikonda, koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene zinkachitika pamzerepo. Anthu osadziwana ankachezera usiku wonse, kuuzana za ntchito yomwe yatha, chibwenzi chatsopano, mnzawo amene Edzi yamugoneka m'chipatala. Pambuyo pake eni sewero anayamba kuchita maere poopa ngozi za usiku. Anachita bwino ndithu, ngakhale zimandiwawa kuti macheza aja anafupika.