Tiyi wa ku Thyolo akufunika njanji, osati doko la pa Shire

Nthawi ya kampeni ikayandikira, nkhani ya doko la Nsanje imadzukanso. Amati tiyi wa ku Satemwa, Makandi ndi Naming'omba angotsika phiri, akwere sitima pa Shire, adutse Zambezi mpaka ku Chinde. Lotoli ndi lokoma, koma ambiri olilota sanafunsepo chimene chimakankha sitima m'madzi. Akanafunsa, bwenzi ndalamazo akuzifunira njanji.

Aliyense amene analowapo m'fakitale ya tiyi amadziwa mafani akuluakulu amene amapemerera mphepo pansi pa masamba kuti afote. Pulopela ya sitima imagwira ntchito chimodzimodzi, kungoti iyo imakankha madzi. Mapiko ake ndi opindika, choncho ikamazungulira imaponyera madzi kumbuyo, sitimayo n'kumapita kutsogolo. Koma kuti igwire madzi bwino iyenera kumira yonse. Ikayandikira pamwamba imakoka mpweya, injini n'kumangolira koma sitima osafulumira. Ngakhale itamira, ikakakamizidwa kwambiri madzi a pamapiko amachita tithovu timene timaphulika n'kumakumba chitsulo pang'onopang'ono. N'chifukwa chake sitima yaikulu ikatsitsa katundu imalowetsa madzi m'matanki ake kuti ilemere, pulopela ikhalebe pansi.  Zonsezi zimafuna kuya. Sitima ya Ilala yayenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951 chifukwa pansi pake pali madzi okwanira. Shire wa kumunsi ndi wa mchenga umene umasamuka chaka ndi chaka, ndipo namasupuni ndi udzu woyandama zimakulunga pulopela mpaka kuimitsa.

Zimenezi si zongoganizira, mtsinjewu unayesedwa kale. Nthawi ya atsamunda, kampani ya African Lakes inkayendetsa pa Shire ndi Zambezi sitima zopepuka, zathyathyathya pansi, zokankhidwa ndi gudumu la nkhafi, chifukwa gudumu limangopalasa pamwamba pa madzi. Komabe nazonso zinkatitimira mumchenga m'chilimwe. Njanji ya ku Blantyre inayenera kuyambira ku Chiromo, koma madzi atachepa anaiyambira ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908, kudzera pa Luchenza m'boma la Thyolo lomweli. Sipanapite nthawi, anaikokeranso kumwera mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, kenako mu 1935 mlatho wa Dona Ana unalumikiza njanjiyo mpaka ku Beira. Anthu amenewo sankadana ndi mtsinje ayi, anali amalonda owerengera khobidi lililonse, ndipo ulendo uliwonse ankauthawa mtsinjewo.

Ena ayankha kuti palibe njira yotchipa kuposa ya pamadzi, ndiponso kuti masiku ano kuli maboti okankha katundu amene pulopela zawo zimabisika m'mphako pansi pa boti kuti ziyende m'madzi osaya. N'zoona, pa Mississippi ndi pa Rhine amayenda choncho. Koma kumeneko makina okumba mchenga sapuma, ndipo ndalama zake zimabwerera chifukwa katundu wodutsa ndi wochuluka koopsa: malasha, chimanga, mafuta. Tiyi wathu yense, wa ku Thyolo ndi Mulanje kuphatikiza, sangalipire ntchito yokumba mtsinje wa makilomita oposa 200 chaka chilichonse. Komanso gawo lalikulu la njirayo lili m'dziko la eni. Bingu wa Mutharika atatsegulira dokolo mu Okutobala 2010, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pompo, boti limene anthu ankadikira silinafike chifukwa akuluakulu a ku Mozambique analigwira m'njira. Ngakhale akanalilola, pakamwa pa mtsinje ku Chinde ndi posaya, sitima zikuluzikulu za pa nyanja ya mchere sizilowapo. Ndiye kuti tiyi angatsitsidwe ndi kupakiridwanso kangapo, pomwe ndi katundu amene sagwirizana ndi chinyontho ngakhale pang'ono.

Ena anenanso kuti njanjiyo inafa. Inde, madzi osefukira anaidula ku Chiromo mu 1997, sitima ya pamtunda siyendanso kuchoka ku Luchenza kukafika ku Beira, ndipo tiyi wambiri wogulitsidwa pa okushoni ku Limbe amatuluka pa malole. Koma mlatho ukamangidwa bwino umakhala zaka makumimakumi, pomwe mchenga wokumbidwa chaka chino umabwerera ndi mvula ya chaka chamawa. Ntchito yokonzanso njanji kuchokera ku Marka kulowera ku Bangula inayambika kale. Aphungu a ku Thyolo ndi eni maesiteti akakamire boma kuti isathere pa Bangula, iwoloke pa Chiromo, ikwere pa Makhanga ndi Sandama mpaka pa Luchenza.