PAKHONDE NDI MWALIMU: Masau Asanu



Mwezi wathawu bambo wina wa kuno ku Rivirivi anabwera ndi mwana wake wa zaka zinayi kudzamulembetsa ku madrasa. Tisanamalize n'kulonjerana komwe, anamuimika mwanayo patsogolo panga nati, "Mwalimu, tamumverani." Mwana uja anayamba wani, thu, fili mpaka twente osaphonya. Bambo kumwetulira. Ine ndinakoka mbale ya masau imene inali pamkeka ndi kunena kuti, "Mwanawe, tandipatsa asanu." Anatapa dzanja lodzaza. Ndinayesanso kuti "faifi", koma zinali chimodzimodzi.

Mwanayo si wopepera ayi. Analoweza nyimbo ya manambala, monga ana amalowezera Alif, Baa, Taa asanazindikire chilembo n'chimodzi chomwe. Kuwerenga zinthu kumafuna kuti chala chikhudze chinthu chimodzi pa liwu limodzi, osalumpha, osabwereza. Kumafunanso kuti mwana adziwe kuti liwu lotsiriza ndilo likunena kuchuluka kwa zonse. Apa ndi pamene pamatenga nthawi. Akamaliza kuwerenga, mufunseni, "Ndiye alipo angati?" Akayambiranso pa wani, dziwani kuti sanafike, ndipo musamukalipire.

Chimandimvetsa chisoni ndi choti ambiri tikuchita manyazi kuwerenga m'chinenero chathu. Komatu taonani: Mngerezi akati "sikisi", mwana samva kanthu m'kati mwa liwulo. Ife timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri. M'Chiyao ndi momwemonso: tikapitirira mcheche ndi msano, timayamba kuwonjezera pa msano mpaka likumi. Samu yophatikiza ili kale m'kamwa mwa mwana, ndipo dzanja lake likuvomereza: zala zisanu kuno, chimodzi uko. Chizungu achidziwe ndithu, pakuti adzakumana nacho ku sukulu ndi pa msika, koma chipeze maziko.

Masamu si manambala okha. Pali mawu amene mwana ayenera kumva tsiku ndi tsiku: zambiri ndi zochepa, chachitali ndi chachifupi, cholemera ndi chopepuka, chodzaza, theka, zofanana, zotsala. Mayi, pochokera kumjigo muuzeni anyamule zigubu ziwiri anene cholemera. Pogula usipa, aloze mulu waukulu. Pogawa zitumbuwa, agawe iye: ana atatu, zitumbuwa zinayi, chatsala n'chiyani? Mudzaona kuti pa chakudya palibe mwana wosadziwa masamu! Ngakhale swala imathandiza. Maghrib ili ndi raka zitatu, Isha zinayi. Yaitali ndi iti?

Wina adzati zimenezi ndi ntchito ya aphunzitsi. Kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, makalasi a Sitandade 1 ndi odzaza, ndipo mphunzitsi mmodzi sangagwire chala cha mwana aliyense. Amene walowa osadziwa "zotsala" amasochera pa samu yochotsera, n'kuyamba kudana ndi masamu. Ndi yemweyo amene mawa adzaima pa sikelo ya thonje n'kungovomera zimene wogula wanena.

Pali msampha wina umene ndimauona ku madrasa kokha. Manambala a m'mabuku a Chiarabu ndi osiyana ndi a kusukulu. Zisanu za Chiarabu zimaoneka ngati 0, zisanu ndi chimodzi zimafanana ndi 7, pamene ziro ndi kadontho chabe. Mwana wa zaka zisanu mukamupatsa zonsezi sabata imodzi, amazisakaniza, ife n'kumati ndi waulesi. Ine ndimadikira kuti 1 mpaka 10 zikhazikike, kenaka ndimalemba mitundu iwiriyo pambalipambali, pansi pake n'kuika timiyala.

Ndipo abambo, bawo lija musamathamangitsepo ana. Lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo poyenda timaponya nkhomo imodzi pa dzenje limodzi, chimene chinamusowa mwana wa masau uja. Ndinawapempha bambo ake kuti akumbe timaenje tisanu kuseri kwa nyumba. Lachisanu lapitali, titatuluka mu mzikiti, anandiuza kuti tsopano akupereka atatu molondola. Pa anayi akadatapabe.