Mlendo aone ndi Lolemba lomwe

Mayi anga atabwera kuno ku Glasgow ndinalakwitsa. Loweruka ndinawatengera ku Edinburgh pa sitima, ulendo wosakwana ola limodzi. Lamulungu tinali ku Blantyre wa kuno, kwawo kwa David Livingstone. Zithunzi mbwee! Atangobwerera kumudzi, mafoni a abale anayamba: fizi, feteleza, malata.

Sindikuwadandaula ayi. Nanga ine ndinawaonetsa chiyani?

Anzanga muli kunja kuno, mlendo aziona ndi Lolemba lomwe. Aone mukudzuka kudakali mdima mu Disembala, mukubwera ndi mulu wa makope ochonga usiku, lendi itadya kale malipiro.

Mwezi wamawa kukubwera achimwene. Ku Edinburgh adzapita ndithu, koma adzayamba kaye andiperekeza kokwerera basi 7 koloko m'mawa, mvula ili waa.