ZINALEMBEDWA? ZINA TIMALEMBA TOKHA AISE

Anyamata anzanga a kunyanja, werengani mpaka pansi musanandinyoze.

Sabata yatha mkulu wina anandibweretsera injini yake, Yamaha 15, nkhope ili gwa. Akuti inazima pakati pa nyanja mwera ukuyamba, ndiye wina wamulodza chifukwa cha nsanje. Nditatsegula ndinapeza madzi mu kabuleta, pulagi yakuda bii, impela yotheratu. Ndinamuuza kuti achimwene, mfiti yake ndi imeneyi. Sanaseke.

Koma chinandikhudza ndi ichi: amene anamukoka usiku umenewo mpaka padooko ndi mnyamata yemwe iye anamumana ndiwo mwezi wathawu, ati kupatsa munthu nsomba zoyamba kumathawitsa mwayi. Mnyamatayo anawotcha petulo wake, sanafunse ngakhale 1 kwacha.

Ine sindikukana kuti mwayi ulipo. Maboti awiri atha kuponya chilimira malo amodzi, siginala wina n'kudzadzitsa usipa, wina n'kubwera ndi ndowa imodzi. Mwezi ukawala usipa sutsata nyali, mwera ukakwiya mu Juni ndi Julayi sufunsa dzina. Zimenezo sitilamula.

Vuto ndi munthu amene amati zonse ndi mwayi basi. Ndaona kuti ameneyo amaumira. Amaganiza kuti mwayi uli ngati mafuta a mu thanki, ukagawira mnzako wako utha. Ndiye amabisa nsomba pansi pa ukonde, amakayikira alovi ake omwe, ndalama ya sevisi amakapereka kwa sing'anga. Tulo sagona. Ndi moyo umenewo?

Bambo anga sanalemere, koma akakocheza, mayi wamasiye aliyense woima pamchenga amabwerera ndi ka mbale ka ndiwo. Amati kupatsa n'kuika. Chaka chimene anagona miyezi itatu ndi chifuwa, bwato lili pamtunda, kwathu sitinadye nsima yosema. Nsomba zimabwera zokha pakhomo. Anthu amati banja lamwayi. Sunali mwayi, anali ataika kale.

Onaninso ku Mbenji, ku Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a Makanjira amatseka chilumba chija nyengo ya mvula, cha mu Disembala mpaka Epulo, kuti nsomba ziswane. Akatsegula utaka umaphedwa, ife n'kumati ali ndi mwayi. Ayi, anasankha kusiyirako mawa ndi anzawo. Pomwe ife kuno tikukokera ndi neti ya udzudzu, kenaka tizidandaula kuti chambo chatithawa, Mulungu watitaya.

Ndiye aise, mphepo isiyire Mwini wake. Zako ndi izi: sefa mafuta, sakaniza oyilo mokwanira, usapite pamadzi wopanda pulagi yapadera, ndipo mwana akakutambasulira mbale padooko muikiremo. Tsiku injini ikadzazima pakati pa usiku, chithumwa sichidzakuponyera chingwe. Adzaponya ndi munthu.

Wotsutsa andipeze kugalaja, tikambirane ndikumasula. Tumizani kwa anzanu.